Boila Yodontha ya Amalume

Amalume anandilanda ntchito yokhayo imene ndinkaidziwa bwino.

Sukulu ya zaumisiri ku Quelimane ndinaisiyira panjira. Ndinabwerera ku Milange ndi laputopu yong'aluka pakona, muli ntchito yanga yosamaliza: masamu oyerekezera mmene boila ya gasi imatenthetsera nyumba. Ku Quelimane, kumene munthu amatuluka thukuta ali m'bafa, anzanga ankandiseka nayo. Koma kuno mu Juni mphepo yotsika m'phiri la Tumbine imaluma, ndipo amalume, amene ali ndi nyumba yogona alendo pafupi ndi malire, anagula boila yakale kwa dalaivala wa thiraki yochokera ku Joni.

Ndinailumikiza ndekha, mapaipi mpaka m'zipinda. Boila yamtunduwu imafinya kutentha ngakhale mu utsi wake. Nthunzi ikazizira imasanduka madzi, n'kumadontha pa kapaipi kapansi. Masamu anga ankaonetsa kuti madzi akamabwerera kuchokera m'zipinda ali ofunda chabe, boila imadontha kwambiri, botija, silinda ya gasi, n'kukhalitsa. Kudonthako ndiye phindu lake.

Amalume ndinawaonetsa mizere pa laputopu. Iwo maso anali pa ndowa imene ndinatchera pansi.

"Iwe, chabooka ichi."

"Sichinabooke, amalume. Chikugwira ntchito."

"Chikukodza pansi alendo akuona, iwe ukuti ntchito? Ndi zimenezi anakuphunzitsani ku Quelimane?"

Kwathu kuno chilichonse chodontha chimamangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Mpopi, jerikeni, paipi ya mafuta a minibasi, mankhwala ake ndi omwewo. Tsiku lina ndili ku Muloza kogula zolumikizira mapaipi, amalume anacheka chubu, n'kupinda kapaipi kaja, n'kukulunga mphira mwaluso ndithu. Pobwera anandilandira akumwetulira. Za mphira sanandiuze, ndowa anaisiya pomwepo.

Madzi atasowa kotulukira anabwerera m'kati mpaka kunyowetsa zamagetsi. Boila inakhosomola, n'kuzimiratu. Amalonda amene anagona pamenepo anadzuka mano akugundana, n'kusamukira kwa oyandikana nafe.

Nditapeza mphira uja ndinawaonetsa amalume. Sanachite manyazi.

"Ine ndinakonza. Chaononga ndi masamu akowo. Usadzachigwirenso."

Pano ndimakankha njinga ya matumba a chimanga pamalire. Alendo a amalume amapatsidwa mbaula ya makala, amagona akutsokomola. Boila ikadali pakhoma, amaipukuta fumbi, ndipo mlendo akafunsa amalume amaiguguda ndi chikhatho.

"Ya ku Joni imeneyi, bwana. Onani pansipo, gwaa. Ngakhale kadontho."