Kadontho Kobiriwira ka Don Eusebio

Don Eusebio Cantillo wa kwathu kuno ku Rebolo anawotcherera zitsulo padoko mpaka mutu kuchita mbuu. Kampani itatseka, anamutsanzika ndi kapu yomwera khofi. Kapu satafuna, inunso mukudziwa.

Basi mkuluyu anakwatira foni. Muli pulogalamu ina yopezera anthu ntchito, yodziwa kunyengerera kuposa wofunsira mbeta. Ukaitsegula tsiku ndi tsiku, pa dzina lako pamayaka kadontho kobiriwira, ati mabwana amayamba kuona iwe. Ukajomba, kazima. Ndiye Eusebio ankasita malaya oyera n'kukhala pakhonde kudikira bwana womuimbira pavidiyo, kumunsi kuli kabudula wobooka.

Mkazi wake Nohemí anali atatopa kuwotcha arepa, tizigumu ta chimanga togulitsa pamsewu.

"Bambo, kadontho kanuko tizithira mumphika? Mwezi uno ukatha muli pakhondepo, ine ndikupita kwa achemwali ku Soledad."

Mwayi unabwera woyenda ndi miyendo. Anselmo, compadre wake poti ndiye anaimirira mwana wawo paubatizo, ali ndi kashopu kowotcherera mageti.

"Compadre, mawa mubwere ndi magalasi anu owotcherera. Wantchito wanga wathawa."

Tsoka lake, m'mawa womwewo foni inali itamunong'oneza kuti makampani akuluakulu aona mbiri yake.

"Mageti, compadre? Ine akundifuna akuluakulu."

"Akukufunani ndani, madala? Foniyo ingauze choncho ngakhale galu wanga."

Kuno compadre sumukanira pakhonde anthu akumva. Anselmo anavala chipewa, ulendo.

Akuluakulu aja sanaimbe. Mwezi uli kumchira, Eusebio anaona ntchito ya mageti ija pafoni pomwepo: Anselmo anali ataiika m'pulogalamu muja. Manyazi anamukaniza kuwoloka msewu. Anangodina pafonipo kufunsira ntchitoyo. Yankho la pulogalamuyo linafika khofi asanazizire: "Pepani, zaka zanu zapitirira."

Apo ndiye anathamanga, malaya oyera, kabudula yemwe uja. Kushopu anapeza wina atavala kale magalasi, moto uli thethethe.

"Chonde compadre, ngakhale kusesa."

"Uyu wabwera kudzera m'pulogalamu yanu yomweyo," anatero Anselmo, maso ali pageti.

Pobwerera anapeza nyumba ili zii. Nohemí anali atapita, atanyamula ndi chiwaya chomwe. Eusebio anatenga foni kuti aifafanize pulogalamuyo. Iyo inalemba: "Musatisiye, Eusebio. Bwana wina wangoona kumene mbiri yanu."

Chala chinaima m'malere. Anayang'ana malaya aja, thukuta lokhalokha, makwinya ponseponse. Analowa kuchipinda kukafuna simbi.

Nayonso inali itapita ku Soledad.