Kachidontho kamene kadamsana anandisiyira

Ndinayamba kuzindikira pa singano. M'mawa mwake, kadamsana atachitika dzulo lake, ndinakhala pa makina anga osokera, pakhonde la golosale kwa Mkanda, koma bowo la singano silinkaoneka. Paliponse pomwe ndinkayang'ana pankabwera kachidontho kotuwa. Ndinatikita maso, ndinasukusula kawiri, koma kanali pomwepo.

Komatu malo oonera tinasankha mosamala, mwa nzeru zathu. Wailesi inachenjeza kuti tisayang'ane dzuwa, ndiye ife azimayi a pamsika tinagwirizana zopita kudambo, pachitsime cha m'dimba la alamu anga. Kwathu timati dzuwa la m'madzi ndi lozizira, silipweteka. Tinagwada mozungulira chitsimecho n'kumaona dzuwa likudyeka pang'onopang'ono. Kunja kutachita ngati madzulo, ndinadzutsa mutu kuti ndione lenilenilo. Silinandithobwe m'maso, choncho ndinapenyetsetsa mpaka kukhutira.

Ndinataya sabata ndili kunyumba, poti sindinkamva ululu. Amuna anga ankati ndi kutopa chabe. Mnzanga wina anabwera ndi madzi a masamba kuti andidonthezere, ndinakana. Chinandidzidzimutsa ndi yunifolomu ya mwana wa eni ake imene ndinaisoka mokhota, ine telala wodziwika msika wonse. Tsiku limenelo ndinalira, chifukwa ana anga amadyera maso angawa.

Kuchipatala cha kwathu ananditumiza kuboma. Kumeneko ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, pakati pa agogo odwala ng'ala. Namwino anandiuza kuti nditseke diso limodzi, ndiwerenge zilembo za pakhoma. Zapakati zinkasowa. Anandithira mankhwala m'maso, ndinadikiranso, kenako dokotala anandiunika ndi kagetsi.

"Mayi, dzuwa lawotcha mkati mwa diso, komwe munthu samva kuwawa," anatero dokotalayo. "Madzi amangobweza kuwala, sateteza. Palibe mankhwala ochiza zimenezi. Tidikire, ndipo muzibwera tizikuonani."

Kudikirako kunandipweteka kuposa jakisoni. Makina ndinawafunditsa chitenje, makasitomala anga n'kumapita kwa ena ine ndikuona. Mwezi ndi mwezi ndinkakwera kabaza, kenako minibasi, kukawerenga zilembo zomwe zija. Mvula itayamba, diso lamanja linayera. Lamanzere linachira mwapang'ono, n'kulekera pomwepo.

Lero ndili bwino ndipo ndinabwerera pa makina. Dokotala uja anandiphunzitsa malo abwino oonera kadamsana ngati mulibe magalasi ake enieni: pansi pa mtengo wa masamba ambiri, mutafulatira dzuwa. Kuwala kodutsa m'masamba kumajambula kadamsanayo padothi, inu n'kumaonera pamenepo. Chitsime, beseni ndi magalasi akuda a pamsika, zisiyeni.

Ndipo diso likayamba kuchita zachilendo, musadikire kuti liwawe, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ine ndikusoka, inde. Koma ndikatseka diso lamanja n'kuyang'ana mwana wanga wamkazi ali pakhomo, ndimaona tsitsi ndi makutu ake, pakati pa nkhope palibe kanthu.