Foni ya Kuhotela Ndiyo Ikugwira

Abale, anthu a m'maofesi andikwana! Ndangotsika tramu, kasitima ka m'tauni, ku Croydon kuno ku London.

Ndimasamalira okalamba. Mmodzi mwa iwo ndi a Desmond, zaka 84, a ku kachilumba kena komwe mpaka lero bwanamkubwa wake amachita kutumizidwa kuchokera kuno ku London. Namondwe anasesa kachilumbako masabata awiri apitawo. Chiyambire tsikulo, ndikangolowa m'chipinda mwawo funso ndi limodzi: "Pearl wapezeka?" Pearl ndi mlongo wawo, m'bale yekhayo wotsala. Madalawa asiya kudya.

Lero ndinali pa ofu. 9:10 ndafika kale pa ofesi yoimira chilumbacho. Kundiitana, 10:45. Mayi wa pakauntala akuti mndandanda wa opulumuka umatuluka ku unduna wa konkuno, ndiimbe kumeneko. Ndaimba pomwepo, mphindi 38 ndikumvera kanyimbo. Aunduna akuti akudikira lipoti la bwanamkubwa. Nanga bwanamkubwayo? Akuti mafoni a boma kumeneko adakali ofa, okonza achokera kuno pulani ikavomerezedwa. Avomereze ndani? Unduna womwewo. Kodi ine ndi mpira woti muzingopatsirana?

Ndabwereranso pakauntala. Mayi uja osadzutsa n'komwe mutu: "Ndinu wachibale? Ayi? Ndiye lembani imelo." Kenako wandikankhira kapepala kokopa alendo. Akuti mahotela ena atsegula kale, ndikauze anzanga, kuthandiza chilumba n'komweko. Zoona?

Ndatuluka, ndakhala pa siteji ya basi, ndaimba nambala ya hotela ili pakapepalapo. Yaitana kawiri basi. Kawiri! Mtsikana wayankha mwaulemu, akufunsa ngati ndikufuna chipinda choyang'ana kunyanja. Ine ndati pepani achemwali, ndikufuna mayi Pearl, telala wa kuseri kwa tchalitchi. Iye akuti amawadziwa, ndi amene ankamusokera yunifolomu ali pasukulu. Ku namondweyo anapulumuka ndithu. Anamwalira patatha masiku naini, mankhwala awo a shuga atawonongeka poti firiji inalibe magetsi. Anawaika Loweruka.

Masiku naini ali moyo, abale, uku kuhotela magetsi akuyaka. Mtima ukundiwawa.

Inu a ofesi, tandiyankheni. Chilumbachi n'chanu pa mbendera pokha? Anagamula ndani kuti waya ayambire kuhotela, odwala adikire? Mawa 7 koloko m'mawa ndili pa shifiti. Abwere mmodzi wa inu adzawauze yekha a Desmond, chifukwa ine pakamwa pakukana.