Chaka Chimene Amayi Anapalasa Njinga Ali Oyembekezera

Njinga ija inali yakuda, yachimuna, ndipo belu lake linkalira ngati munthu wachimfine. Inali ya abambo, koma nyengo yozizira ya chaka chimenecho ku Highfield inasanduka ya amayi.

Amayi anali oyembekezera. Mimba yapitayo inathera mtayo: mwana anabadwa atafa kale, ndipo azimayi okhaokha anakamuika mwakachetechete, popanda wolira, monga mwa mwambo wathu. Ine ndinangouzidwa kuti amayi anadwala. Ulendo uno anamwino anawalangiza kuti asamangokhala, thupi lizigwira ntchito. Wina akanangoyamba kuyendayenda pabwalo. Amayi anatsitsa chishalo, n'kumanga chitenje pamwamba pa buluku la abambo.

M'mawa uliwonse ndinkaima pageti kuwaona akupalasa kulowera kumsika wa Machipisa, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, makombi onyamula anthu akuwaimbira hutala, iwo osatekeseka. Ankabwerako thukuta lili kamukamu, akununkha fumbi, n'kugwira dzanja langa kuliika pamimba kuti ndimve mwana akugunda. Ndinkawaopa ndi kuwanyadira nthawi imodzi.

Pakamwa pa anthu panalibe tchuthi. Azimayi akutchalitchi ankati mwana adzabadwa wopindika miyendo. Amalume, amene Chichewa chawo chinali chitamira kale m'Chishona, anachita kubwera kuchokera ku Kuwadzana.

"Achemwali, muri kutsvaga chii? Mukufunanji? Zija sizinakukwanireni?"

"Ndamva, achimwene," anatero amayi, mawa lake n'kukweranso. Lero nanenso ndinabereka, ndipo ndinene mosabisa kuti ine mawu amenewo akanandithyola. Kukanachitika kanthu, dzina lawo likanakhala la mayi amene anapha mwana ndi njinga.

Mimba itakula kwambiri anasiya kukwera, koma ankayendabe mtunda womwewo wapansi. Mwana anabadwa kutayamba kutentha, wamkazi, wolira mpaka oyandikana nawo kumva. Amayi anakhala m'chikuta mpaka mchombo unagwa, kenako anadikira masabata angapo kuti anamwino awalole.

Tsiku limene anakweranso, anasiya khanda kwa azakhali n'kundikweza ine pakaliyala. Ankapalasa pang'onopang'ono, akupuma mwabefu, msana wawo uli wotentha patsaya langa. Sitinalowere kumsika. Tinatsetsereka mpaka kudambo la m'mbali mwa mtsinje wa Mukuvisi, kumene kunali bango ndi minda ya anthu ya ndiwo. Anagoneka njinga pansi, n'kuyenda pang'ono mpaka pamalo ena opanda chizindikiro chilichonse, pomera udzu basi.

Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anayankhula motsitsa mawu.

"Wabwera mng'ono wako. Ali moyo, akuyamwa bwino."

Ine ndinayankha kuti ndikudziwa, nanga si tinkagona naye chipinda chimodzi. Amayi sanatembenuke. Ndinaima kumbuyo kwawo ndikukanda pamene udzudzu unandiluma, ndikudabwa chifukwa chimene anandibweretsera kutali chonchi kudzandiuza nkhani yakale, iwo akuyang'ana pansi.