Akuti amuna anga amagona bwino

Dzulo chipatala china cholipira ku Mangochi boma chinalembera amuna anga kalata yoti ali bwino, abwerere pa chiwongolero. Munthu amene sabata yathayi anasinza akuyendetsa minibasi yodzaza anthu!

Amuna anga, bambo a Chisomo, amayendetsa minibasi ya abwana ena pa msewu wa Monkey Bay. Ali ndi matenda omwe madokotala anati ndi fibromyalgia. Thupi lonse limaphwanya, mapewa, msana, ntchafu, koma akayeza magazi sapeza kanthu. M'mawa amadzuka ngati akhala akukoka khoka usiku wonse.

Tsiku lomwe anasinzalo amene anakuwa ndi kondakitala, matayala atayamba kale kudya mchenga wa m'mbali mwa msewu. Abwana anati, "Pitani kuchipatala. Adokotala akalemba kuti simupeza tulo, ndikupatsani ntchito ya pa depoti. Akalemba kuti muli bwino, mudzatenge makiyi."

Tinafika m'mawa, tinalipira, tinakhala pa benchi mpaka dzuwa pamutu. Kenako mtsikana wolandira odwala anatulutsa pepala la mafunso a tulo. Lachingerezi. Kumasulira yekha, pomwepo pagulu, chala china chili pa foni.

"Bambo, mumagona maola angati?"

"Ndimalowa m'ma eyiti, kudzuka m'ma folo."

Analemba kuti maola asanu ndi atatu.

Ndinati, "Achemwali, kugonako amagona, koma tulo sapeza. Amangotembenuka, kubuula. Ndimagona nawo ndine."

Anandiyankha kuti mafunsowa ndi a wodwala, osati a woperekeza.

Anawafunsa kuti amadzidzimuka kangati. Iwo anati sakudziwa. Adziwe bwanji? Matendawa amawaiwalitsa ngakhale zomwe ndawatuma kumsika. Mtsikana uja anangochonga penapake.

"Nanga masana mumasinza?"

Amuna anga anayang'ana pansi. Pa benchipo panali amayi awiri a ku Chembe omwe amakwera minibasi yawo ndi madengu a usipa. Avomere pamaso pa amenewo? Anati, "Pang'ono."

Titalowa kwa adokotala, sanawagwire phewa. Sanawayang'ane n'komwe m'maso, maso ofiira ngati tsabola. Anaphatikiza manambala a papepala nkumwetulira.

"Tulo tanu tili bwino, bambo."

Ndinawakumbutsa kuti nthawi ya dzinja, pa chipatala chomwecho, nesi wina anawafunsa mafunso omwewa m'chipinda, mofatsa, ndipo zinatuluka kuti sagona. Munthu yemweyo, ululu womwewo. Ndiye pepala lonena zoona ndi liti? Adokotala anati amatsata la lero, mwina zasintha. Ndinapempha kuti afunsenso okha, chitseko chili chotseka. Anati panja padzaza anthu. Anadinda chidindo.

Tandiuzeni inu a chipatala, kodi kugoneka thupi pa mkeka ndi kupeza tulo n'chimodzi? Munthu woiwalaiwala mumamufunsa bwanji za mwezi wathunthu nkukhulupirira yankho lake loyamba? Ndipo mkazi amene amamumva akubuula mumamutsekeranji pakamwa? Mayankhowa ndikuwafuna. Lolemba ndibweranso, ndipo sindikhala pa benchi.

Abwana aiona kalatayo. Akuti iwo sangatsutsane ndi adokotala.

Lero m'mawa ndinabisa nsapato za amuna anga. Anangondiyang'ana nkunena kuti, "Amake Chisomo, ndikakhala, ana adya chiyani?" Anavala patapata nkutuluka, akuyenda mopendama, dzanja lili pa msana.

Panopa ndili pa msika, nsomba sindikuziona n'komwe. Foni ikangolira, ndikuithamangira poopa kuti ndi uthenga wa ngozi.

Inu amene mukwere minibasi za msewu uno, makamaka masana kukatentha: mukaona dalaivala wangoti zii, khosi likugwera kutsogolo, musachite manyazi. Mugwireni paphewa. Mufunseni za mpira, za mtengo wa chambo, za chilichonse. Musamusiye akhale chete.