Tsiku limene agogo anavula jekete

Fungo la makala a m'simbi likandipeza, ndimaona agogo anga aamuna, a Longwe, atawerama pakhonde, akuwaza madzi ndi zala pa jekete lawo lakuda, nthunzi ikukwera n'kusakanikirana ndi fungo la usipa umene amayi ankayanika kuseri kwa nyumba. Jeketelo anabwera nalo kuchokera ku Joni ali mnyamata. Ankakonda kunena kuti, "Mtonga safika pamaso pa anthu ngati wagwa m'bwato." Ngakhale ufa wa kondowole uthe m'nyumba, iwo ankatuluka atamanga tayi.

Ndinali ndi zaka khumi pamene mng'ono wanga Tiwonge anadwala malungo. Amayi anali atapita ku Mzuzu kukagulitsa usipa. M'mawa umenewo mwana anatentha thupi, kenako anayamba kuuma, maso atatembenuka. Chipatala chaulere chinali kutali, ndalama ya minibasi tinalibe. Pafupi panali kachipatala ka mpingo, kolipira, koma tinkamva kuti ana a anthu osauka boma limawalipirira.

Ndinabereka Tiwonge n'kuima panja. Agogo anali akadali m'nyumba, akupukuta nsapato. Ndinawaitana kawiri, mutu wa mwana ukundiwotcha pamsana.

Pakhomo pa kachipatalako tinapeza mzere, ndi kalaliki ali ndi buku lake. Ankauza anthu kuti ndalama imene boma limapereka pa mwana mmodzi sikwanira ngakhale mankhwala okha, choncho aulere amatenga owerengeka patsiku, ndipo amasankha amene akuoneka kuti alibiretu. Pamene tinkafika kutsogolo, malo anali atatsala a mwana mmodzi. Kalaliki anayang'ana tayi, anayang'ana nsapato zonyezimira, n'kuwalozera agogo zenera la olipira.

Agogo anamuuza mofatsa kuti alibe kanthu m'thumba. Iye anaseka pang'ono.

"Ada, inu ndi suti yotereyi? Asiyireni malo ovutika enieni."

Kumbuyo kwathu kunali mayi wopanda nsapato, atanyamula mwana wopuma movutikira. Ndinaona kalaliki akumukodola kuti asendere. Tiwonge anayambanso kuuma, zidendene zake zikundimenya m'chiuno. Ndinafuna kulankhula, koma mwana salowerera akulu akamayankhulana.

Agogo anamasula mabatani, limodzilimodzi, n'kuvula jekete pamaso pa amayi onse a pamzere, ena mwa iwo a mpingo wathu. Shati ya m'kati inalibe msana. Inali kolala ndi kutsogolo kokha, kumbuyo atamanga ndi zingwe za ukonde, ndipo nthiti zawo zinkawerengeka. Ine wogona nawo nyumba imodzi sindinkadziwa zimenezi. Anatembenuka pang'onopang'ono kuti kalaliki aone bwino.

"Waona, mwana wangu. Tsopano lemba dzina."

Kalaliki analemba, osadzutsa mutu. Kenako anauza mayi uja kuti abwerenso mawa. Mayiyo anangomangitsa chitenje chake n'kutsika njira ya kumsika.

Tiwonge anamubaya jakisoni, anamuika diripi, ndipo dzuwa likupendeka anapempha madzi akumwa.

Nkhani inafika kudoko la kwathu kunyanja ife tisanafike kunyumba. Anyamata onyamula katundu anayamba kuwatcha agogo "a Shati ya Theka". Kuyambira pamenepo agogo kutchalitchi analeka kupita, kumsika ankatuma ine, ndipo anakhala pakhonde akusoka maukonde a anthu mpaka imfa yawo. Sanamutchulirepo Tiwonge za tsiku limenelo.

Tiwonge anakula, anakwatiwa. Tamuika m'manda chaka chino, ndipo wandisiyira ana awiri. Mmodzi akadwala ndimapita naye ndine, ndipo ndikaima pamzere mutu wanga sukhazikika, ndimangocheukira amene ali kumbuyo kwanga. Agogo ndinawathokoza asanamwalire. Koma mayi uja sindinamuonenso, ndipo sindidziwa ngati mwana wake anafika mawa lakelo.