Kachipinda ka babu lofiira

Chipinda chimene malemu amuna anga anachisandutsa chotsukiramo zithunzi chinali changa. Ndinkasungiramo mpunga ndi gaga, pa nyumba ya aphunzitsi yomwe tinkakhala kufupi ndi mishoni ya Domasi. Matipate atangolowa kumene, iwo anatsika minibasi pa Songani ndi chikatoni, n'kuchikweza pa njinga. Munali makina okulitsira zithunzi, mbale za mankhwala, mabotolo ndi babu lofiira. Anagula kwa mwini situdiyo wina ku Zomba, yemwe ankasiya ntchitoyo poti anthu anali atayamba kufuna zithunzi zamakala m'malo mwa zakuda ndi zoyera. Ndinawafunsa kuti chimene anzanu akuthawa, inu ndiye mukuchithamangira? Anangoseka, mpunga wanga n'kusamukira pansi pa bedi.

Ntchito yaikulu inali kutsekereza kuwala. Pa windo anakhomapo bulangete, kunsi kwa chitseko anatsekako ndi chiguduli. Titadzitsekera masana kuti tiyese, tinayang'ana kudenga n'kuona nyenyezi zokhazokha. Anali mabowo a misomali m'malata akale. Loweruka lonse iwo anali padenga kumata ndi phula, ine ndili mkati ndi nsungwi kugogoda pomwe pakuwala. Nyengo yotentha itafika anati madzi ofunda a pampopi awononga filimu, ndiye anandilandanso mtsuko woziziritsira madzi akumwa.

Ndinkadandaula ndi pakamwa pokha. Kunena zoona, ndinkakakonda kachipindako. Kunja ana, mbuzi ndi alendo sankatipatsa mpata, koma m'menemo tinkaima awiriwiri, phewa ndi phewa, kudikira pepala loyera kuti libale nkhope. Mpaka lero ndikamva fungo la viniga, longa la mankhwala aja, ndimawasowa bambo amene aja.

Tsiku lina mwana wa ena pothamangitsa nkhuku anakankha chitseko, n'kuona aphunzitsi ataweramira mbale m'kuwala kofiira. Pansi pa babu limenelo madzi amaoneka ngati magazi. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Sabata isanathe, pa mjigo ndi pa msika nkhani inali yoti aphunzitsi akukhwima.

Za anthu ena sindinalabade. Amene anandipweteka mtima ndi aneba athu, mayi amene tinkagawana nawo mchere, moto ndi zakukhosi. Amuna awo anali atamwalira mwadzidzidzi mpunga utangokololedwa, ndipo ine ndinagona nawo pasiwa mpaka mwambo wonse unatha. Tsopano akandiona ankalowa m'nyumba. Nditawatumizira chigumu, mbale inabwerera yosavundukula. Kenako ndinamva zenizeni: anthu anawauza kuti amuna awo sanafe imfa yeniyeni, tikuwaweta ife m'chipinda cha mdimacho kuti azitigwirira ntchito.

Ine ndine wa mtima wapachala. Ndinakumbukira kuti amuna anga anawajambulapo bambowo ku dimba ali moyo, ndipo chithunzicho chinali chisanatulutsidwe pa pepala. Ndinati chitulutsidwe mayiwo akuona.

"Mayi, taganizani bwino," anatero amuna anga. "Akaona nkhope ya malemu ikutuluka m'madzi, si ndiye mwatsimikizira bodza lija?"

"Nanga panopa kwatsala chiyani choti chiwonongeke?" ndinayankha, ndikumanga kale chitenje.

Ndinawapeza aneba akupeta mpunga pakhonde. Sindinapereke ndi moni womwe.

"Achemwali, dzukani. Ngati amuna anu ali kwathu, tiyeni mukawatenge."

Anaika lichero pansi, n'kunditsatira. Kaya unali mkwiyo, kaya chiyembekezo, sindinawafunse.

Amuna anga anatsegula chitseko chonse. Mayiwo anasuzumira kuseri kwake, pansi pa tebulo, ngakhale mumtsuko. Amuna anga anawaonetsa mbale pa kuwala kwa dzuwa kuti aone okha kuti ndi madzi oyera. Kenako tinatseka, babu lofiira n'kuyaka. Ndinamva dzanja la mayiwo likugwira chitenje changa, kugwira koyamba chiyambire mkanganowo.

Amuna anga anayatsa makina aja pa pepala kanthawi pang'ono, n'kuliviika m'mbale yoyamba, akuigwedeza modekha. Poyamba panalibe kanthu. Kenako chinayamba kuoneka chipewa, mapewa, chikwakwa m'manja. Pomaliza inabwera nkhope, ikuseka, ndi mpata uja wa pa mano.

Ndinadziwa kuti akakuwa n'kuthawa, chinansi chathu chathera pomwepo, mwinanso ife tisamuka ku Domasi.

"Malaya amenewa," anatero mayiwo chapansipansi, "ndinawauza kuti asamapite nawo kudimba. Ndi a kutchalitchi."

Atatero analira, ine n'kulira nawo, amuna anga akunamizira kutanganidwa ndi kutsukuluza pepala. Pa zaka zonse za ukwati wawo, bambowo anali asanajambulitsepo chithunzi china. Ana awo aang'ono anali atayamba kale kuiwala nkhope ya bambo awo. Mayiwo sanalole kuti chithunzi chiyanikidwe pa chingwe. Anachinyamula chonyowa m'manja awiri, madzi akudontha njira yonse, osatsanzika.

Tsiku limenelo sindinadziwe ngati ndapeza mnzanga kapena ndamutayiratu. M'mawa mwake ndikusesa pabwalo ndinamva odi. Anali iwo, kambale m'manja.

"Achemwali, kamchere pang'ono."

Ndinawathirira mpaka kusefukira. Potembenuka anaima, nayang'ana windo la bulangete lija.

"Anthu aja sananame kwenikweni," anatero. "Analimodi. Mukawauze aphunzitsi awatulutsenso, mwana aliyense akhale ndi bambo wake."